Makamera akale a filimu: ija ili m'sutikesi ya agogo ndi chuma kapena ndi chitsulo chabe?

Nkhani ya makamera akale yavuta m'magulu athu a WhatsApp kuno ku Harare. Wina ku Mufakose watsegula sutikesi ya malemu bambo ake wapezamo kamera yolemera yachitsulo, wina ku Dzivarasekwa akuti mwana wake wa kukoleji akumuumiriza kuti amugulire ya filimu pomwe foni yojambula bwino ali nayo kale, ndiye palinso amene anamva zoti kamera ina yakale inagulidwa ndalama zoti ungagulire nyumba zambirimbiri ku Borrowdale. Zimenezo n'zoona ndithu, mu June 2022 ku Wetzlar m'dziko la Germany kamera ya Leica yopangidwa mu 1923 inapita pa mtengo wa mayuro 14.4 miliyoni. Koma inali imodzi mwa makamera osakwana 30 amene anapangidwa mongoyesera, komanso inali ya Oskar Barnack mwini wake, munthu amene anapanga Leica yoyamba. Ya m'sutikesi ijayo mwina inatuluka m'fakitale pamodzi ndi inzake mamiliyoni. Sindikuti ndi yachabe ayi, kungoti musanaitchule mtengo kapena kuitaya kudzala pali zinthu zingapo zofunika kuzimvetsa kaye, ndipo chachikulu pa zonse si dzina lolembedwa pamphumi pake koma ngati ingajambulebe.

Filimu ndi chiyani kwenikweni

Filimu ndi kachingwe kapulasitiki kopyapyala kopakidwa mankhwala a siliva mbali imodzi. Timchere ta siliva timeneti tikangoona kuwala timasintha, koma kusinthako sikuoneka ndi maso mpaka filimuyo itamizidwa m'mankhwala ena, kumene timati kutsuka. Ikatsukidwa pamatuluka negetivi, pomwe panali poyera pamada, pomwe panali pakuda pamayera, ndipo kuchokera pa negetivipo m'pamene amasindikiza chithunzi papepala kapena masiku ano kuchilowetsa m'kompyuta. Pafoni kuwala kumagwera pa kachipangizo kamodzi komweko tsiku ndi tsiku, pomwe pa kamera ya filimu chithunzi chilichonse chimadya kachigawo kakekake ka filimu, kakagwira ntchito kamodzi basi katha.

Amene anapangitsa kuti munthu wamba agwire kamera ndi George Eastman wa ku Rochester ku America. Mu 1888 anatulutsa Kodak yoyamba ili kale ndi filimu ya zithunzi 100 m'kati, ukamaliza unkatumiza kamera yonseyo kufakitale, iwo n'kukutsukira, n'kukuikira filimu ina. Mu 1900 kunabwera Brownie, kabokosi kakatoni ka dola imodzi. Kuno kwathu makolo ambiri amene anachoka ku Dedza, Ntcheu kapena Mangochi kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'nyumba za azungu nthawi imene tauni ino inkatchedwa Salisbury analibe kamera yawoyawo. Ankavala suti Lamlungu n'kupita kusitudiyo kapena kudikira wojambula wapanjinga, chithunzicho n'kuchiika mu envelopu pamodzi ndi kalata yopita kumudzi kuti abale aone kuti munthu ali moyo ndipo akuvala. Akuluakulu mukukumbukira kuti ukalipira theka unkadikira mpaka wojambulayo adzaze filimu yonse, ndipo tsiku lina ankabwera ndi nkhope yakugwa n'kunena kuti zinapsa. Kupsako kunalidi, wina akatsegula kumbuyo kwa kamera filimu isanakulungidwe, kuwala kunkawononga zonse pakamphindi.

Saizi ya filimu, funso loyamba kufunsa

Apa ndi pamene ambiri akugwa. Makamera akale sadya filimu yofanana, ndipo mitundu ina inasiya kupangidwa kalekale. Yodziwika kwambiri ndi ya 35mm, imene pabokosi amalembanso 135. Barnack uja anatenga filimu ya kanema n'kuigoneka chopingasa kuti chithunzi chikhale cha mamilimita 24 kwa 36, Leica inayamba kugulitsidwa mu 1925, kenako mu 1934 Kodak inayamba kuiika m'kachitini kaja kamene tonse timakadziwa. Imakhala ya zithunzi 24 kapena 36 ndipo mpaka lero ikupangidwa. Inzake ndi ya 120, yotambalala pafupifupi masentimita 6, yokulungidwa ndi pepala kumsana, inayamba mu 1901 ndipo nayonso ilipobe, kungoti pa kamera ya zithunzi za mbali zofanana mumangopeza 12 zokha.

Tsono pali 126 ya makamera a Instamatic amene Kodak inayamba mu 1963 n'kugulitsa mamiliyoni makumimakumi, amenewa ndi amene amapezeka kwambiri m'nyumba zathu chifukwa anali otchipa, koma filimu yake mafakitale anasiya. Filimu ina yotchedwa APS ya mu 1996 nayo inafa. Ndiye mukatsegula kumbuyo n'kuona malo a kachitini kozungulira kumanzere ndi timano togwira mabowo a filimu, sangalalani, imeneyo ndi ya 35mm. Mukaona mphako ziwiri zolowetsamo kaseti yapulasitiki, imeneyo ikhala yokongoletsa pa shelefu, pokhapokha mukhale munthu wa luso lodula ndi kukulunga filimu nokha mumdima.

Mitundu ya makamera

Kusiyana kwake kwagona pa mmene diso lanu limaonera chimene mukujambula. Mtundu wa SLR uli ndi kagalasi m'kati kamene kamatenga zimene lenzi ikuona n'kuzibweretsa kudiso, mukadina batani kagalasiko kamadumphira m'mwamba, n'chifukwa chake imalira mokweza. Nikon F ya mu 1959 ndi imene inakopa atolankhani, kenako kunabwera Olympus OM-1 mu 1972, ndipo mu 1976 munatuluka ziwiri zimene achinyamata akuzisaka kwambiri lero, Canon AE-1 ndi Pentax K1000, yomwe inapangidwa mpaka 1997 ndipo masukulu ambiri ankaphunzitsira. Palinso Zenit ya ku Soviet Union ndi Praktica ya ku Dresden ku East Germany, zolemera koma zopirira, ndipo lenzi zake zambiri zimalowa mopotokola ngati chitsekerero cha botolo moti mutha kusinthanitsa ya kamera iyi ndi ya inayo.

Rangefinder ilibe kagalasi kodumpha, mumasuzumira pa kawindo kapadera n'kumazunguza lenzi mpaka zithunzi ziwiri zimene mukuona pakati zitakumana kukhala chimodzi. Leica ndi ya mtundu umenewu, Zorki ndi FED za ku Soviet Union zinayamba potengera iyoyo. TLR ndi ija ya maso awiri, lina pamwamba lina pansi, wojambula amaigwirira pamimba n'kumayang'ana pansi, Rolleiflex inayamba mu 1929 ndipo Yashica ya ku Japan inapanga zotsikirako mtengo. Malick Sidibé wa ku Bamako ku Mali, amene zithunzi zake za achinyamata ovina zinam'patsa mphoto yaikulu ku Venice mu 2007, ankagwiritsa ntchito Rolleiflex m'situdiyo yake. Otsala ndi timakamera tapulasitiki ta m'ma 1980 ndi 1990 tongoloza n'kudina, tosavuta kugwiritsa ntchito koma waya wa m'kati akaduka n'kovuta kupeza wokonza.

Kuwala: zinthu zitatu zimene foni imakuchitirani mwakachetechete

Pa lenzi pali manambala 2, 2.8, 4, 5.6, 8, 11, 16. Amenewa akunena za kukula kwa bowo lolowera kuwala, ndipo chosokoneza n'chakuti nambala ikakula bowo limachepa, 16 ndi kabowo kakang'ono, 2 ndi chibowo chachikulu. Pamwamba pa kamera pali ena, 30, 60, 125, 250, 500, amenewa ndi nthawi imene shutter, kachitseko ka kutsogolo kwa filimu, imakhala yotsegula, 125 kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 125 a sekondi. Chachitatu ndi nambala ya pabokosi la filimu, ISO 100, 200 kapena 400, pa makamera akale amalemba ASA koma ndi chimodzimodzi, ikakwera ndiye kuti filimuyo imagwira kuwala msanga.

Ganizirani mayi wowotcha chimanga pa siteji ya makombi. Moto ukakhala wambiri amachitembenuza msanga, makala akazirala amachisiya nthawi yaitali, ndipo chanthete sichichedwa kupsa ngati chokhwima. Bowo ndiwo moto, shutter ndiyo nthawi, ISO ndiko kukhwima kwa chimangacho. Mukachulutsa zonse chithunzi chimayereratu, mukachepetsa chimatuluka chakuda chosaoneka nkhope. Mukachepetsa bowo ndi sitepe imodzi kuwala kumachepa ndi theka, ndiye mumabwezera pochedwetsa shutter ndi sitepe imodzinso.

Mita yoyezera kuwala ikakhala yakufa musataye mtima, ojambula akale anali ndi lamulo lawo losavuta. Dzuwa likawala bwino ikani bowo pa 16, shutter pa nambala yoyandikana ndi ISO ya filimu, ya 200 ikani pa 250. Kukachita mitambo tsegulani kufika pa 8, pamthunzi wa jakaranda 5.6. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 ndipo kuyambira May mpaka October kumwamba kumakhala koyera masiku ambiri, ndiye lamuloli kuno limagwira bwino kwambiri. Ine ndingawonjezere kuti pojambula nkhope zathu zakuda masana ndi bwino kutsegula sitepe imodzi yowonjezera kapena kumuimika munthuyo pamthunzi, filimu ya negetivi imapirira kuwala kochuluka kuposa kochepa.

Kuyesa kamera musanatulutse ndalama

Gawo ili ndi limene ndikufuna mulisunge, kaya mwaipeza pa msika wa ku Avondale, pakati pa zitsulo za ku Mbare kapena kwa azakhali anu. Yambani ndi kutsegula kumbuyo, pa makamera ambiri a 35mm mumakoka m'mwamba kachogwirira kobwezera filimu kali kumanzere, koma funsani kaye ngati mulibe filimu m'kati, nthawi zina mumakhala zithunzi za banja zimene zakhala zikudikira kutsukidwa kwa zaka 30. Mukatsegula yendetsani chala m'mphepete mwa chitsekocho. Makamera a ku Japan a m'ma 1970 ankamatidwa ndi kasiponji kakuda kotchinga kuwala, pano kanasungunuka, chala chimatuluka ndi zakuda zonanda ngati phula. Zimenezo zisakuopseni, ndi vuto lotchipa pa onse, mumapala ndi kamtengo ndi sipiriti pang'ono n'kumata kansalu kakuda kapena ulusi wa juzi wakuda. Mukazisiya zithunzi zimatuluka ndi mizere yofiira m'mbali.

Kenako kumbuyo kuli chitsegulire lozetsani kamera kuwindo, kokani kachogwirira koyendetsa filimu, dinani. Pa 500 muone kuwala kungothwanima, pa 30 kuchedwerepo, pa sekondi imodzi mumve kaphokoso ka timagiya kakuyenda mosadukiza mpaka kutseka. Ikatsegula n'kukakamira ndiye kuti mafuta a m'kati anauma, imafuna wokonza, ndipo chonde musathiremo mafuta a makina osokera kapena opopera aja, amayenderera mpaka pagalasi. Ngati shutter yake ndi yansalu iyang'aneni padzuwa ngati ilibe timabowo. Kachogwirira kodzijambulira wekha kali kutsogolo musakakhudze n'komwe, n'kamene kamakonda kukakamira n'kumanga kamera yonse. Pa Zorki ndi FED zakale kokani kaye filimu musanasinthe liwiro, mukachita mosemphanitsa mutha kuthyola za m'kati.

Lenzi iunikeni ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo. Fumbi pang'ono silisokoneza chithunzi. Koma mukaona timizere toyera totambalala ngati ukonde wa kangaude, ameneyo ndi fangasi, amamera kamera ikasungidwa m'chikwama chake chachikopa pachinyezi, ndipo mvula yathu ya November mpaka March m'nyumba zothonya imam'komera kwabasi. Akakhala wochepa amapukutika lenzi ikamasulidwa, akakhalitsa amadya galasi lenilenilo ndipo palibenso chochita.

Pomaliza batire. Tsegulani kachitseko kake ndi ndalama yachitsulo, mukapeza zoyera kapena zobiriwira zouma ndiye kuti batire linaphulikiramo, viniga pang'ono pa kathonje amachotsa ngati sizinafike pa mawaya. K1000, Zenit ndi OM-1 zimajambula ngakhale popanda batire, ilo limangoyendetsa mita, pomwe AE-1 popanda batire lake la mavoti 6 siidina n'komwe. Makamera ena ngati OM-1 ankafuna mabatire a mercury a mavoti 1.35 amene analetsedwa chifukwa cha poizoni, mukaika la 1.5 mita imanama, ndiye anthu amaikamo timabatire ta makina othandiza kumva a nambala 675 popeza mphamvu yake ndi yoyandikira. Olympus Trip 35, imene inapangidwa kuyambira 1967 mpaka 1984, ilibe batire, imatenga mphamvu ku kuwala kudzera pa timagalasi tozungulira lenzi. Kuyesa kwake n'kokoma, ikani pa A, phimbani kutsogolo konse ndi dzanja, dinani, kakatuluka kambendera kofiira pa kawindo n'kukana kujambula ndiye kuti ili moyo.

Zonsezi zikayenda bwino mayeso enieni ndi filimu imodzi yotchipa, muijambule yonse msanga pa manambala osiyanasiyana n'kumalemba papepala, musayambire pa ukwati wa mlongo wanu.

Kutsuka, kumene ndalama zimathera

Kamera mumagula kamodzi, filimu ndi kutsuka mumalipira nthawi zonse, ndipo apa m'pamene ambiri amabwerera. Filimu yamitundu imatsukidwa ndi njira ya C-41 imene Kodak inayambitsa mu 1972, mankhwala ake amafuna kutentha kwa madigiri 37.8 osaphonya, n'chifukwa chake inkachitikira m'makina a m'mashopu aja ankatsuka pa ola limodzi. Mashopu otero m'tauni anachepa pamene makamera a digito ndi mafoni analowa, ambiri otsala amangosindikiza za pafoni, ndiye funsani kaye musanajambule, ena amapatsira achibale opita ku Johannesburg kapena Cape Town.

Yakuda ndi yoyera, monga Ilford HP5 ya ku England kapena Fomapan ya ku Czech Republic, ndi yofatsa, imatsukidwa pa madigiri 20 ndipo mutha kuchitira kubafa kwanu. Mumafuna kathanki kosalowa kuwala, mdima wa ndiweyani pokulungira filimu m'kathankimo, mankhwala otulutsa chithunzi ndi ena ochikhazikitsa kuti chisafufutike, kenako madzi ndi chingwe choyanikira. Ena mpaka amatulutsa chithunzi ndi khofi wosungunula, soda wochapira ndi vitamini C, zimathekadi, koma mankhwala okhazikitsa aja alibe cholowa m'malo.

Filimu imadana ndi kutentha. Isungeni mufiriji m'kachitini kake, ndipo mukaitulutsa idikireni ifunde musanatsegule. Yobwera pa basi kudzera ku Beitbridge isakhale pa katundu wa padzuwa, yobwera pa ndege isalowe m'chikwama chachikulu chopita pansi chifukwa makina ounikira katundu ameneyo ndi amphamvu, ngakhalenso makina atsopano a CT ounikira zikwama zam'manja amaiwononga, pemphani kuti aione ndi manja. Yodutsa deti imajambulabe koma mitundu imasokonekera, ojambula amati pa zaka 10 zilizonse muwonjezere kuwala sitepe imodzi.

Inafa bwanji, yadzuka bwanji

Kamera yoyamba ya digito inapangidwa m'nyumba ya Kodak momwemo mu 1975 ndi injiniya Steven Sasson, koma ndalama za kampaniyo zinali mu filimu. Zaka za m'ma 2000 msika unagwa, Polaroid inasiya filimu yake mu 2008, filimu ya Kodachrome imene inayamba mu 1935 inatha mu 2009, ndipo mu January 2012 Kodak inapita kukhoti kukapempha chitetezo pa ngongole. Kenako zinthu zinatembenuka pang'onopang'ono. Kodak inabwezeretsa filimu ya Ektachrome mu 2018, Leica inayambiranso kupanga kamera yake ya filimu ya M6 mu 2022, ndipo mu 2024 kunatuluka Pentax 17, kamera yatsopano ya filimu imene imagawa pakati malo a chithunzi chimodzi kuti pa filimu ya 36 mupeze 72. Komabe si zonse zikukwera, Fujifilm inasiya filimu ya Pro 400H mu 2021, ndipo mitengo ya filimu yakhala ikukwera chaka ndi chaka chifukwa ofuna achuluka pomwe mafakitale otsala ndi owerengeka.

Okonda filimu amati imakuphunzitsa kudekha popeza kudina kulikonse ndi ndalama, amakondanso mitundu yake ndi timadontho take, komanso negetivi ndi chinthu chogwirika chimene chimakhalapo foni ikabedwa. Enawo amayankha kuti foni yapakatikati imajambula mumdima kuposa filimu, kuti mitundu imeneyo mutha kuiyerekeza ndi pulogalamu yaulere, ndipo kuti kuno kumene dola imavuta kupeza, mtengo wa filimu imodzi ndi kutsuka kwake ungagule ndiwo za masiku angapo. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Pa mtengo wa kamera yeniyeniyo, chimene chimaukweza ndi kusowa kwake, kugwira ntchito kwake, ukhondo wa lenzi, ndiponso kutchuka, munthu wodziwika akangooneka nayo pa intaneti mtengo umalumpha ngakhale kamerayo ili yomweyo. Mukamafufuza yang'anani mitengo imene zinagulidwadi, osati imene ogulitsa akuitanira.

Zimene sizinayankhidwebe

Funso loyamba ndi la okonza. Makamerawa ali ndi zaka 40, 50, ena kuposa, mafakitale sapanganso zipangizo zake, kukonza imodzi nthawi zambiri kumafuna kuphwasula inzake, ndipo amisiri amene anaphunzira ntchitoyi ali anyamata pano ndi okalamba. Kodi achinyamata amene akukonza mafoni m'tauni adzaona phindu lophunzira timagiya ta shutter? Lachiwiri ndi la filimu, ngati kukondedwa kwa panoku kuli kwa kanthawi, mafakitale ochepa otsalawa adzapitiriza pa mtengo wanji, nanga tikadalira kuitanitsa kunja kokha ndani kuno adzakwanitse?

Pali mkangano winanso pakati pa osonkhanitsa okhaokha, ena amati kamera yosowa isungidwe m'kabati kuti isakalike, ena amati makina osayenda ndi amene amauma msanga. Ena akufunsa ngati chithunzi cha filimu chimene chalowetsedwa m'kompyuta n'kukonzedwa mitundu n'kuikidwa pa Instagram chikadali cha filimu. Mankhwala okhazikitsa akatha ntchito amakhala ndi siliva amene safunika kuthiridwa m'ngalande, ndiye otsukira kunyumba akachuluka adzawataya kuti?

Ndipo lina likutikhudza ife eni ake. M'masutikesi momwe mukupezeka makameramu mumakhalanso maenvelopu a manegetivi, maukwati a ku Highfield, magule a ku Mbare, matimu a mpira a m'migodi, nkhope za anthu amene anachoka ku Nyasaland osabwereranso. Wogula amafuna kamera, manegetivi sawafunsa, ndipo nthawi zambiri amatayidwa tsiku losesa m'nyumba. Kodi asungidwe ndi banja, aperekedwe ku National Archives of Zimbabwe, kapena ajambulidwenso n'kutumizidwa kwa abale ku Malawi, nanga wojambulayo atamwalira mwini wake ndi ndani, ana a wojambula kapena ana a wojambulidwa?